Zida za m'nyumba za ku America ndi za ku Ulaya: musanaitanitse, dziwani kusiyana kwake

Mlongo wanga wa ku Texas anatitumizira kamakina kogayira zipatso. Tinakalumikiza ku magetsi ndi adaputa ya pamsika, kanalira kamodzi kokha, kenako khitchini yonse inanunkha waya wopsa. Kamakinako kanalibe mlandu. Ku America magetsi a m'soketi amakhala a 120V, pamene ku Ulaya ndi a 230V, ngati a kwathu kuno. Adaputa imangosintha mano a pulagi, mphamvu ya magetsi siichepetsa.

Kusiyana kumeneku kumaonekera bwino pa ketulo. Ya ku Britain imakoka ma watt pafupifupi 3,000, ndipo lita imodzi ya madzi imawira m'mphindi ziwiri. Ya ku America imathera pa ma watt 1,500 chifukwa soketi yake singapirire zambiri, choncho mumadikira mphindi zinayi. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri za ku America madzi amawiritsa pa chitofu kapena mu microwave, pamene ku Britain nyumba yopanda ketulo n'kovuta kuipeza. Kwa ife a tiyi wa m'mawa, apa Ulaya wapambana.

Pa makina ochapira m'pamene pali nkhani yaitali. Ambiri a ku America ndi otsegulira pamwamba, akuluakulu, ena okhala ndi chimtengo chovundula zovala pakati. Madzi otentha amatenga ku giza ya m'nyumba, ndipo ola lisanathe amakhala amaliza. A ku Ulaya ndi otsegulira kutsogolo, m'lifupi masentimita 60 kuti alowe pansi pa thebulo la m'khitchini, ndipo madzi amatenthetsa okha. Mukaika pa "eco 40-60", kachapidwe kosunga magetsi, angathe kuchapa maola atatu. Nditawagwiritsa ntchito koyamba ndinaganiza kuti awonongeka, chifukwa amazungulira pang'ono, n'kuima, n'kuzunguliranso. Koma kuchedwako n'kwadala: zovala zimanyowa m'sopo nthawi yaitali, madzi amalowa ochepa, magetsi ochepa, ndipo nsalu sizitha msanga. Ngati muli ndi ana asanu ndi mabulangete a mlungu wonse, makina a ku America adzakupeputsani. Ngati mumagula mayunitsi a magetsi ndipo madzi ndi a mita, a ku Ulaya ndiwo anu. Chovuta chawo n'chimodzi, chimene sindikubisirani: magetsi akamazimazima, kuchapa kwa maola atatu kumadukira panjira, zovala n'kutsekeredwa m'kati.

Kuumitsa zovala nako n'kosiyana. Ku America makina oumitsira ali m'nyumba zambiri, ali ndi waya wawowawo wa 240V, ndipo amatulutsira mpweya wotentha panja kudzera m'paipi. M'madera ena eni nyumba anagwirizana zoletsa kuyanika zovala pachingwe, ati zimanyansitsa malo. Ku Italy ndi ku Spain zovala zimalendewera pamakhonde, ndipo ku Germany ambiri amayanika pa kathandala ka waya m'nyumba momwemo. Ife amene dzuwa tili nalo laulere, makinawa si oyamba kuwaganizira.

Firiji ya ku America ndi yotakasuka pafupifupi masentimita 90, ya zitseko ziwiri, yotulutsa madzi ozizira ndi ayezi pachitseko. Inapangidwira banja lopita kusitolo pa galimoto kamodzi pa mlungu n'kubwera ndi katundu wodzaza buti. Ya ku Ulaya ndi yopyapyala, chifukwa nyumba ndi zazing'ono ndipo golosale ili pafupi. Musanasirire chifirijicho, yezani chitseko cha khitchini yanu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti Amereka anachita bwino, ndicho makina oziziritsira m'nyumba (AC). Kumeneko nyumba pafupifupi 9 pa 10 zilizonse zili nawo, pamene ku Ulaya ndi pafupifupi 2 pa 10, ndipo ku Britain n'zochepa kuposa pamenepo. Nyumba za kumpoto kwa Ulaya anazimanga kuti zizisunga kutentha m'nyengo yozizira, ndiye chilimwe chikakula zimasanduka uvuni. Mu 2003 kutentha kunapha anthu pafupifupi 15,000 ku France kokha, ambiri mwa iwo okalamba. Zimandipweteka kuti mpaka lero ena amaona AC ngati chinthu chongodzisangalatsira.

Gwero la zonsezi ndi mtengo wa magetsi ndi kukula kwa nyumba. Ku Germany magetsi ndi okwera mtengo kuposa kuwirikiza kawiri ku America, ndipo Ulaya anakhwimitsa malamulo a kadyedwe ka magetsi. Kuyambira September 2017 makina opopera fumbi saloledwa kupitirira ma watt 900, ndipo mu March 2021 chizindikiro chosonyeza kadyedwe ka magetsi anachikonzanso kuti chiziyambira A mpaka G.

Ine ndikamaitanitsa chida chopita kumudzi ndimasankha cha ku Britain, chifukwa pulagi yake ya mano atatu ndi yomweyi ya m'makoma mwathu. Za ku America ndimangolola zimene pa chaja pake palembedwa 100-240V, monga foni ndi laputopu. Mlongo wanga uja ndinamuuza kuti ulendo wina azingotumiza ndalama, ketulo tidzagula konkuno.