Kachipangizo ka TENS pa ululu wa msana, kwa munthu amene wasiya kumwa tramadol

Kachipangizo ka TENS, kochepetsa ululu ndi mphamvu yochepa ya magetsi, ndinakagula m'sitolo yogulitsa mankhwala ya m'dera limene ndimakhala kuno ku England, patangotha milungu itatu nditamwa piritsi langa lomaliza la tramadol, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Tsopano ndakagwiritsa ntchito miyezi 8, ndipo ndikulembera makamaka anthu amene akulimbana ndi mavuto awiri nthawi imodzi, ululu wa msana umene sutha komanso chibaba cha mankhwala omwe poyamba ankachepetsa ululuwo.

Msana wanga unavulala pa ntchito yosamalira okalamba, imene imafuna kunyamula ndi kutembenuza anthu pabedi kangapo usiku uliwonse. Ndinayamba ndi co-codamol (mapiritsi a ululu okhala ndi codeine) wogula ndekha, amene paketi yake imachenjeza momveka kuti asamwedwe kupitirira masiku atatu chifukwa munthu akhoza kumwerekera naye, koma chenjezolo sindinalilabadire. Kenako ndinapatsidwa tramadol, ndipo ndinamumwa zaka zinayi, mpaka ndinafika powerenga mapiritsi otsala m'mawa uliwonse ndisanasambe n'komwe. Dokotala anandithandiza kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, popeza kusiya mwadzidzidzi mankhwala a gulu limeneli kumadwalitsa kwambiri. Ngakhale zinali choncho, thukuta la usiku, kutsegula m'mimba, kusowa tulo ndi miyendo yosakhazikika sizinandiphonye. Chimene sindinkachiyembekezera chinali chakuti ululu weniweniwo unakula kwa kanthawi, ndipo anandifotokozera kuti kumwa mankhwala ngati tramadol, codeine kapena morphine kwa nthawi yaitali kungachititse thupi kumva kuwawa msanga kuposa kale.

Kachipangizoka ndi kofanana kukula ndi foni yaing'ono, kali ndi mawaya awiri ndi timapadi tinayi tomata pakhungu, ndipo batire lake limatchajidwa ngati la foni. Ndinalipira mapaundi osakwana 40. Kakayatsidwa kamatumiza mphamvu yochepa ya magetsi kudzera pakhungu, ndipo munthu amamva ngati nyerere zambirimbiri zikuyenda pamalo pamene wamatapo. Maganizo amene ali kumbuyo kwake anachokera kwa asayansi awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, amene mu 1965 anafotokoza kuti mu mtsempha waukulu wa m'fupa la msana muli ngati chipata chimene uthenga wa ululu umadutsapo popita ku ubongo, ndipo kuti uthenga wa kukhudza kapena kusisita ukhoza kutseka chipatacho pang'ono. N'chifukwa chake mwana akapunthwa amayamba kusisita pamene wapweteka asanauzidwe ndi wina aliyense. Kanga kali ndi njira ziwiri zikuluzikulu, ina yogunda mofulumira maulendo apakati pa 80 ndi 120 pa sekondi, ina yogunda pang'onopang'ono maulendo awiri mpaka asanu pa sekondi, imene imadumphitsa minofu. Yofulumirayo ndi imene imandiyanja, pamene inayo imanditopetsa.

Ponena za ululu weniweniwo, ndiyenera kunena zoona zokhazokha. Kachipangizoka sikanachiritse msana wanga ndipo sikathetsa ululu. Kakakhala koyaka ululu umazirala moti ndimatha kukhala pampando kapena kuwerama pang'ono osaluma mano, ndipo ndikakazimitsa mpumulowo umapitirira mwina ola limodzi, masiku ena kucheperapo. Pa masiku oipa kwambiri, makamaka ndikachoka kogwira ntchito usiku wonse, sikaphula kanthu.

Phindu limene ndapeza lili kwina. Kwa zaka zinayi, nthawi ikakwana 9 koloko madzulo ndinkatsegula kabati ya pafupi ndi bedi n'kumwa mapiritsi awiri, ndipo nditasiya, thupi silinaiwale nthawi imeneyo. Ikakwana, m'kamwa munkauma, manja ankachita thukuta, ndipo msana unkayamba kuwawa ngati wauzidwa kuti nthawi yakwana. Tsopano pa ola lomwelo ndimapukuta khungu ndi kansalu konyowa, kudikira kuti liume, kumata timapadi tiwiri mbali iyi ndi tiwiri mbali inayo ya fupa la msana, osati pafupa penipenipo, kenako n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono mpaka kunyerenyetsako kumveke kwambiri koma kosapweteka. Ndimagona chammbali, pilo ali pakati pa mawondo, kwa mphindi 30. Chibaba chimabwera, chimakula, kenako chimatsika chokha, ndipo nthawi zambiri mphindi 30 zija zikamatha chimakhala chadutsa. Manja amene anazolowera kutsegula paketi apeza chochita, ndipo maganizo apeza pena poti aikepo. Kwa munthu amene sanamwerekerepo ndi mankhwala, izi zingaoneke zazing'ono, koma kwa ine ndi zimene zinandiwolotsa miyezi iwiri yoyambirira.

Zokhumudwitsa zilipo. Timapadi timasiya kumata pakapita milungu iwiri kapena itatu, makamaka ngati khungu lili ndi thukuta kapena mafuta odzola, ndipo kugula tatsopano ndi ndalama imene munthu saiwerengera pogula kachipangizoko. Kumata wekha pamsana n'kovuta, moti nthawi zambiri amandithandiza ndi mayi a kunyumba. Khungu limafiira ndi kuyabwa ukamamata pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, ndipo mawaya amakodwa m'zovala. Kapepala ka malangizo nakonso kamalonjeza zambiri kuposa zimene ndaona.

Woganiza zogula ayenera kudziwanso kuti bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a chithandizo cha odwala ku England, silivomereza kuti TENS iziperekedwa kwa anthu a vuto ngati langa. Malangizo ake a 2016 okhudza ululu wa m'munsi mwa msana komanso a 2021 okhudza ululu wokhalitsa wosadziwika bwino gwero lake onse amanena kuti TENS isaperekedwe, chifukwa umboni woti imathandiza ndi wosakwanira. Malangizo a 2021 omwewo amaletsanso kuyambitsa odwala oterowo mankhwala a gulu la tramadol, ndipo m'malo mwake amalimbikitsa masewera olimbitsa thupi ndi uphungu wothandiza munthu kukhala ndi ululu popanda kulamulidwa nawo. Sinditsutsana nawo, chifukwa chimene chasintha msana wanga kwenikweni ndi mafizo amene anandiphunzitsa kuchipatala ndiponso kuyenda wapansi tsiku lililonse. Kachipangizoka kamangondipatsa mpata woti ndichite mafizowo pa tsiku limene ndikanawazemba chifukwa cha kuwawa.

Pali chinthu china chimene ndikuona kuti ndi chofunika kwambiri kwa ife amene tikuchira. M'mwezi wachitatu ndinayamba kukavala maola anayi kapena asanu patsiku, ndipo tsiku lina batire litatha ndili pa basi, mtima unagunda chimodzimodzi ngati kale ndikaona kuti mapiritsi atsala atatu. Madzulo ake mayi a kunyumba anandiyang'ana ndikufufuza tchaja m'zikwama zonse, n'kundifunsa modekha kuti, "Bambo, kodi mwayambiranso kuwerenga?" Funsolo linandilasa chifukwa linali loona. Kachipangizoka kalibe mankhwala alionse ndipo sikaledzeretsa, koma chizolowezi chothamangira chinthu chakunja ululu ukangoyamba chinali chikadali mwa ine, chitangopeza malo atsopano. Nkhaniyi ndinakaifotokoza ku gulu la anzanga amene timakumana mlungu uliwonse kuti tilimbikitsane, ndipo kuchokera pamenepo ndinadziikira malire a maulendo awiri patsiku, pa nthawi zokhazikika, osati nthawi iliyonse imene msana wadandaula.

Si aliyense angakagwiritse ntchito. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, odwala khunyu ndi amayi oyembekezera ayenera kufunsa kaye dokotala. Timapadi sitimatidwa kutsogolo kwa khosi, pafupi ndi maso, pachilonda kapena pakhungu lochita dzanzi, ndipo munthu sakavala akuyendetsa galimoto kapena akusamba. Amene akumwabe tramadol kapena codeine asaganize kuti akagula TENS ndiye kuti angataye mapiritsi tsiku lomwelo, chifukwa kuchepetsa mlingo ndi ntchito yochitira limodzi ndi dokotala. Ndi bwinonso kumuuza dokotala aliyense watsopano mbiri yanu yonse, popeza ngakhale pregabalin ndi gabapentin, amene amaperekedwa kawirikawiri pa ululu wa mitsempha, munthu akhoza kumwerekera nawo, ndipo kuno anaikidwa m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwapadera kuyambira mu April 2019.

Ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndikanasankha kotchipa komweko, chifukwa mabatani ambirimbiri amene ali pa todula sindikuona ntchito yake, ndipo ndikanagula nthawi yomweyo mapaketi awiri a timapadi tapadera. Mwezi wamawa ndikukaonana ndi dokotala wa mafizo, ndipo ndikufuna kukamufunsa ngati ndingasiye ulendo wa m'mawa n'kutsala ndi wa 9 koloko madzulo wokha.