Chambo kapena makumba: tiwete ziti padamu?

Nsomba ziwirizi zimafungatira mazira m'kamwa mwa yaikazi, koma padamu sizifanana. Makumba, omwe asayansi amawatcha Oreochromis shiranus potengera mtsinje wa Shire, savuta kuweta: amadya ndere ndi madeya, ndipo amaswana msanga. Vuto lawo lagona pomwepo. Amayamba kuswana akadali aang'ono, damu n'kudzaza ndi tinsomba tosakula.

Chambo cha Oreochromis karongae, dzina lochokera ku Karonga, chimachedwa kuswana ndipo mbewu yake imasowa, koma chimakula bwino, pamsika mtengo wake ngwabwino. Pogula mbewu werengani minga ya chipsepse chakumunsi, kufupi ndi mchira: makumba nthawi zambiri amakhala ndi inayi, chambo itatu. Mlimi wongoyamba kumene, ine ndingamulangize makumba.