Jeke ya botolo, ya trolley kapena yobwera ndi galimoto: iti posinthanitsa matayala pakhomo?

Anzanga atatu andifunsa kale funso limeneli chiwonereni ndikugwada pambali pa ka Vitz kanga Loweruka lija, ndiye bola ndingolemba kamodzi. Ma jeke onse atatu ndagwiritsapo ntchito ndipo imodzi ndimaisungirabe chakukhosi mpaka lero.

Timvane kaye, kusinthanitsa matayala si zofanana ndi kuika sipeya panjira ayi. Galimoto yokoka ndi kutsogolo ngati Vitz, Passo kapena Axio imadya kwambiri matayala akutsogolo, poti ndi omwewo okoka, okhota, mabuleki ambiri amagwiranso pomwepo. Ndiye pakatha makilomita 8,000 mpaka 10,000 akutsogolo amapita kumbuyo mbali yomweyo, akumbuyo amabwera kutsogolo mopingasa, lakumanzere kupita kumanja lakumanja kupita kumanzere. Koma ngati m'mbali mwa tayala muli kamuvi kolozera komwe lizizungulira osapingasa, limangoyenda kutsogolo ndi kumbuyo mbali yake yomweyo. Apa ndiye muone kuti pamafunika matayala awiri akhale m'mwamba nthawi imodzi, ndipo vuto lonse la ma jeke lagona pamenepo.

Jeke yobwera ndi galimoto, yopukusa ija, ndi yaulere ndipo mutu wake uli ndi mpata wokwana ndendende pa msoko wa chitsulo wa pansi pa zitseko. Imatopetsa mkono basi. Mukakhala ndi sipeya ntchito imatheka, mumamuika pamalo pa tayala loyamba kenako nkumazungulira, kukweza kasanu. Tsoka lake galimoto zambiri za ku Japan masiku ano zikubwera opanda sipeya, kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi.

Tsopano ya botolo. Ndinagula pa shopu ina ya ma sipeya mu Limbe, wogulitsa anandiuza kuti iyi ndi ya matani 2 bwana, ngakhale minibasi imanyamula, ine nkumati ndapata. Kufika kunyumba yosalowa pansi pa galimoto, yatalika, Vitz ndi yotsika kwambiri. Ndinachita kukwezetsa tayala pa thabwa kuti ipeze mpata. Italowa vuto lina, kamutu kake ndi kozungulira kakang'ono kopanda mpata uja, kanapinda msoko wa pansi pa chitseko penti nkusupuka, panopa dzimbiri layamba pomwepo. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi, ndachotsa tayala lakutsogolo ndapita kukamasula lakumbuyo, pobwera ndikupeza galimoto yatsika yokha pang'onopang'ono, disiki ya mabuleki yatsala pang'ono kugunda simenti, oyilo akuchucha m'mbali mwa jeke. Mphindi zochepa izi zisanachitike mwendo wanga unali pansi pomwepo, ndipo mwana wanga amasewera chapafupi. Nditabwerera nayo anakana kundibwezera ndalama eti ndinaikweza mopitirira. Vitz yosakwana ndi tani imodzi ndi theka yomwe, pa jeke ya matani 2!

Sindikunena kuti ma jeke onse a botolo ndi oipa, pa Hilux kapena Canter pomwe pansi pali mpata ndi chassis yolimba amagwira bwino. Koma pa tigalimoto tathu totsikati musataye ndalama.

Ya trolley, yogona pansi yokhala ndi timatayala ndi chogwirira chopopera, ndi imene ndikugwiritsa ntchito pano. Imalowa bwino, kupopa kangapo galimoto yakwera. Imafuna pa simenti chifukwa timatayala take timayenera kuyenda pang'ono pamene ikukweza, pa dothi timangomira ndipo galimoto imatha kutsetsereka. Mtengo wobisika omwe sakuuzani ndi wa ma stand, zitsulo zokhazikapo galimoto zija. Trolley nayonso ndi ya oyilo, ikhoza kutsika yokha ngati inzake, ndiye opanda ma stand awiri simunagule kanthu. Njerwa kapena mabuloko a simenti osayerekeza, zimaphwanyika mwadzidzidzi osachenjeza.

Za sipanala sindichedwapo, ya mtanda ikuposa kaja kopindika kobwera ndi galimoto. Ma Toyota ang'onoang'onowa manati ake ndi a sipanala ya 21 mm, mumasule pang'ono galimoto ikadali pansi, handibuleki mutakoka ndipo mwala uli kutayala. Pomanga muzilumpha nati mopingasa, osapondapo ndi phazi, buku la Vitz limati mphamvu yomangira ikhale 103 Nm ndipo torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imeneyo, ndi yomwe ingakuuzeni zoona. Mukayenda makilomita ngati 50 muwayesenso, mpweya muone pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala.

Ndiye amene muli ndi simenti pakhomo gulani trolley pamodzi ndi ma stand tsiku lomwelo. Ndalama ikavuta yambani ndi ma stand, jeke yopukusa ija ikukwanirani kaye.