Golovesi ya woponya baseball ya pa kaunjika: yoyenera kugula ndi yongodyera ndalama

Zida za baseball sizipezeka m'mashopu a m'tauni ya Zomba monga zimapezekera za mpira wamiyendo kapena wamanja. Magolovesi ake amangotulukira mwa apo ndi apo m'mabelo a kaunjika, atasakanikirana ndi zikwama, malamba ndi zidole. Kwa mphunzitsi wa zamasewero kapena kholo lomwe mwana wake akufuna kukhala woponya (wosewera amene amaponya mpira kwa womenya ndi ndodo), golovesi yakale yachikopa chenicheni imaposa kutali yatsopano yapulasitiki. Vuto ndi loti zambiri za pamuluwo si za woponya, ndipo wogulitsa sangakuuzeni chifukwa nayenso masewerowa sawadziwa.

Choyamba ndi dzanja. Woponya ndi dzanja lamanja amavala golovesi kumanzere, wamanzere amavala kumanja. Zina zimalembedwa RHT (lamanja) kapena LHT (lamanzere), ndipo zilembozi zikunena za dzanja loponyera, osati lovala. Ambiri amalakwitsa pomwepa.

Kenako yang'anani kaukonde ka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Golovesi ya woponya imayenera kukhala yotsekeka pamenepo, yolukidwa mothinana, yopanda mipata. Woponya amasintha kagwiridwe ka mpira dzanja lili mkati mwa golovesi. Zala ziwiri zikapingasa misoko ya mpirawo, mpira upita mwaliwiro komanso mowongoka. Zikatsatira misoko, umapatuka pang'ono. Akaukankhira mkati mwa chikhatho, umachoka ngati wothamanga koma n'kufika mochedwa. Womenya akaona zala kudzera m'mipata ya ukonde, wadziwiratu chomwe chikubwera. Golovesi ya ukonde wamipata ngati chilembo H ndi ya osewera m'malo ena, musaigulire woponya ngakhale itakongola bwanji. Yopanda zala zolekanalekana, yonenepa ndi yozungulira, ndi ya wowakha amene amanjuta kumbuyo kwa womenya.

Mtundu nawo uli ndi lamulo. M'malamulo a MLB, ligi yayikulu ya ku America, golovesi ya woponya siyenera kukhala yoyera kapena yotuwa, poti imabisa mpira womwenso ndi woyera. Yakuda kapena yofiirira ndiyo yosavuta. Kukula kwake kumadindidwa pa chala chachikulu kapena pa kachala kakumapeto: wamkulu amafuna ya mainchesi 11.5 mpaka 12, pafupifupi masentimita 30. Za mainchesi 9 kapena 10 ndi za ana aang'ono, ndipo za 13 kupita m'tsogolo nthawi zambiri ndi za softball, yomwe mpira wake ndi waukulu.

Mayina odalirika ndi Rawlings, Wilson ndi Mizuno, koma makampani omwewa amapanganso zotchipa za ana, choncho dzina palokha silikwanira. Mukaona Wilson A2000 kapena Rawlings Heart of the Hide, musachedwe ndi kunenerera, chifukwa zimenezo ndi zomwe amavala akatswiri. Zina zonse ziyeseni ndi manja. Pindani chala chimodzi cha golovesi: chikopa chenicheni chimachita timakwinya tating'ono n'kubwerera, chapulasitiki chimasupuka n'kuonetsa nsalu pansi. Pisani dzanja mkati. Mukamva mkati mwa chikhatho muli mong'aluka ndi mouma gwa, ndiye kuti thukuta la mwini wake woyamba linadya chikopacho, ndipo pamenepo sipakonzeka. Isiyeni.

Zingwe zoduka zisakuopsezeni, zimangothandiza kutsitsa mtengo. Zimayamba kutha ndi za pa ukonde ndi za pamwamba pa zala, ndipo wosoka nsapato waluso mumsika angathe kulowetsa zatsopano. Jambulani golovesiyo pafoni mbali zonse asanasolole chingwe chilichonse, ndipo mumupemphe azichotsa chakale bowo limodzilimodzi uku akulowetsa chatsopano, chifukwa njira ya zingwezi ikasokonekera thumba la golovesi limapotoka. Chingwe chikhale chachikopa, chophwatalala, cha mamilimita 5 m'lifupi kapena kuyandikira pamenepo. Cha nayiloni chimacheka mabowo.

Mdani wamkulu wa golovesi ku Zomba ndi chinyezi. M'dzinja, komanso masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi, chikopa chosiyidwa m'chikwama chimachita chuku. Ikanyowa ipukuteni ndi nsanza youma, muiyanike pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa kapena pafupi ndi mbaula imauma n'kung'aluka. Mafuta ophikira amaivunditsa, ndipo mafuta ambiri a mtundu uliwonse amailemeretsa. Kavaselini kapansonga ya chala, kopaka mopyapyala kawiri pachaka, kakwanira. Posunga, ikani mpira m'thumba lake n'kumanga ndi kansalu kuti isaphwatalale.

Mpira wake ndiye wovuta kupeza kuposa golovesi. Weniweni umalemera magalamu 142 mpaka 149, kuzungulira kwake ndi masentimita 23, ndipo uli ndi misoko yofiira 108. Ya MLB imasokedwa pamanja kufakitale ya Rawlings ku Costa Rica. Ya pa kaunjika yambiri ndi yofewa, yophunzitsira ana. Mukaifinya ndi chala chachikulu imalowa. Sikelo ya m'golosale ingakuuzeni zoona. Mpira womwe unamwa madzi umalemera kupitirira muyezo, ndipo kulemerako kumathera pa chigongono cha woponya. Wa kiriketi usalowe m'malo mwake: ndi wolemererapo, ndipo msoko wake ndi umodzi wodutsa pakati.

Golovesi yabwino imatha kupusitsa mphunzitsi kuti mwana wakonzeka kuponya tsiku lonse. Ntchito ya woponya imathera pa kamtsempha ka mkati mwa chigongono. Tommy John, woponya wa timu ya Los Angeles Dodgers, anaduka kamtsemphaka mu 1974, dokotala Frank Jobe n'kumuikira kena kochokera kumkono winawo. John anakhala chaka chonse cha 1975 osasewera, kenako anapambana masewero ena 164 mwa 288 omwe anapambana m'moyo wake wonse. Opaleshoniyo mpaka lero imatchedwa dzina la Tommy John, ndipo kuchira kumatenga miyezi 12 mpaka 18. Mwana wa ku Chinamwali kapena ku Matawale alibe timu yomulipirira zimenezo, ndiye muziwerenga mipira yomwe waponya. Malangizo a Pitch Smart, a MLB ndi USA Baseball, bungwe loyendetsa masewerowa ku America, amalola 75 patsiku kwa wazaka 9 ndi 10, 85 kwa wazaka 11 ndi 12, ndi 95 kwa wazaka 13 mpaka 16. Wosapitirira zaka 14 akaponya 66 kapena kuposa, apume masiku anayi.

Mtunda nawonso muyeze ndi tepi, osati ndi mapazi. Akuluakulu amaponya pa mamita 18.44, ataima pa kachulu kotalika masentimita 25, pomwe ana osapitirira zaka 12 amaponya pa mamita 14. Mwana akayamba kutsitsa chigongono, kapena kugwedeza mkono akangoponya, mulandeni mpirawo ngakhale nambala isanakwane.