Muizenberg: chipinda cha pakati pa tauni, wendy ya ku Capricorn, kapena kugona kwa abwana?

Mlongo wanga atangofika ku Cape Town kuchokera ku Mangochi, anapeza ntchito yotsuka mbale mu lesitilanti ina yoyang'anizana ndi gombe la Muizenberg. Funso lake loyamba linali lakuti, "Achimwene, nanga ndizigona kuti?" Ine dera lino ndagonamo m'malo atatu osiyana, ndiye zimene ndinamuuza iye ndi zomwe ndikulemba pano, kuti winanso amene akusakasaka pogona asangoyang'ana mtengo wa lendi wokha.

Poyamba tidziwe malowo. Muizenberg ili pafupifupi makilomita 25 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town, m'mphepete mwa False Bay. Pakati pa tauni ya Muizenberg ndi pothina: kumbuyo kuli phiri, kutsogolo nyanja, chakum'mawa dambo la Zandvlei, ndipo njanji yopita ku Simon's Town imadutsa pakati penipeni. Siteshoni yake ya njerwa zofiira, ija ili ndi wotchi pamwamba, ndi ya 1913. Nyumba zambiri za m'misewu ngati Palmer Road ndi zakale, za nthawi imene anthu olemera ankabwera kudzapuma kunyanja, n'chifukwa chake zili ndi zipinda zambirimbiri zimene lero eni ake amabwereketsa chimodzichimodzi. Capricorn, imene ena amaitchula kuti Vrygrond, ili makilomita ngati atatu kuchokera kugombe, m'mbali mwa Prince George Drive. Ameneyu ndi mtunda waufupi masana, koma usiku umatalika.

Ambiri a ife timayambira ku Capricorn, ndipo sindinyoza, chifukwa ndi kumene kunandisunga chaka changa choyamba. Lendi ya wendy (kanyumba kathabwa) kapena chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba ya munthu ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi m'tauni. Landilodi sakufunsa payslip, sakufunsa za kubanki, ena ngakhale pasipoti saiona. Mumagwirizana pakamwa, mwapereka ndalama, wakupatsani loko. Komanso kumeneko ndi kwathu kwachiwiri. Usipa ndi bonya zimafika, ufa ulipo, Lamlungu mumapemphera m'Chichewa, Lachisanu abale athu a Chiyao amakumana kumzikiti, ndipo maganyu a m'magadeni amamveka kudzera mwa anansi. Mukadwala, pali woti akuphikireni phala. Maliro akagwa, pali osonkha kuti thupi lipite kumudzi. Zimenezi m'fulati ya m'tauni simungazigule.

Koma mtengo weniweni wa ku Capricorn umaoneka mu June, July ndi August. Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, osati yotentha ngati kwathu, ndipo imavumba masiku angapo ndi mphepo yoomba cham'mbali. Malowo ndi a mchenga, otsika, madzi sachedwa kukwera. Ndikukumbukira kudzuka usiku phazi n'kuponda m'madzi, chikwama cha zovala chitanyowa pansi pa bedi, ine n'kunyamula matiresi kuimika kukhoma mpaka kucha. Magetsi amabwera ndi chingwe chimodzi kuchokera m'nyumba yaikulu, ndiye mayunitsi akatha mkangano umayamba wakuti ndani amayatsa hita. Chimbudzi ndi mpopi n'zogawana ndi mabanja angapo. Moto ndiwo umandiopsa koposa, chifukwa zisakasa zikakhala zogundana, sitovu ya parafini ya munthu mmodzi imatha kupsereza mzere wonse. Amene anali kuno mu December 2020 akukumbukira moto wa ku Masiphumelele, kufupi ndi Fish Hoek, umene unatentha nyumba zoposa 1,000, mphepo ikuukupiza. Pasipoti ndi mapepala ena, ngati mukukhala m'malo otere, zisungitseni kwina.

Ndiye pali nkhani ya kuweruka. Wogwira ntchito ya m'gadeni amaweruka dzuwa lilipo, amayenda ndi anzake kapena kupalasa njinga. Wa mu lesitilanti amatuluka cha m'ma 10 koloko usiku, matakisi atasiya kuyenda. Akayenda wapansi akuika moyo ndi foni pachiswe. Akaitana Uber kapena Bolt masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndalama imene amati akupulumutsa pa lendi yathera pamsewu, ndiponso madalaivala ena amakana kulowa mkati usiku, amakutsitsirani pamsewu waukulu. Kwa mlongo wanga mfundo imeneyi ndiyo inalemera kuposa zonse.

Tibwere pakati pa tauni. Fulati ya wekha, kunena zoona, si ya munthu wa malipiro otsika. Ma agent amafuna dipoziti ya mwezi umodzi kapena iwiri, payslip, sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu, ndi pemiti imene sinathe ntchito. Chimene ambiri angakwanitse ndi chipinda m'nyumba yogawana, kapena kusonkherana anthu awiri atatu fulati imodzi. Mukatero mumapeza makoma a njerwa, giza yotenthetsa madzi, chimbudzi cha m'nyumba, ndipo kuntchito ndi mphindi zisanu wapansi. Sitima ili pakhomo: kumpoto Retreat, Wynberg, Claremont mpaka m'tauni yaikulu, kummwera St James, Kalk Bay ndi Fish Hoek, komwe kulinso ntchito za m'nyumba ndi m'malesitilanti.

Nyanja ya kuno si ya ku Mangochi, ndi yamchere, ndipo mcherewo umalowa m'nyumba. Njinga yanga inachita dzimbiri m'miyezi yochepa ili pakhonde, maloko amauma, mahinji a mawindo amadyeka. Nyumba zakalezi m'nyengo yozizira zimatuluka thukuta m'makoma, nsapato za chikopa n'kuchita chuku m'kabati. Pokaona chipinda, sunthani bedi muone kuseri, nunkhizani m'kabati, funsani ngati dzuwa limalowa. Kukatentha imabwera mphepo ya kummwera chakum'mawa, yomwe ife a kunyanja timaidziwa kuti mwera, kungoti kwathu umaomba m'miyezi yozizira pamene kuno umalimba kuyambira November mpaka March. Umalowetsa mchenga pansi pa chitseko, m'mbale, m'mabulangete. December ndi January gombe limadzaza, magalimoto ali mbwee, phokoso mpaka usiku, ndipo nthawi zina mumamva sayirini ya a Shark Spotters, amene akhala akuyang'anira shaki kuchokera paphiri kuyambira 2004. Zonsezi munthu amazolowera.

Chosazolowereka ndi kutulutsidwa m'nyumba. Eni nyumba ena amaona kuti mlendo wodzapuma masabata awiri mu December, wopeza malo pa intaneti kudzera pa Airbnb, amalipira kuposa inu wa mwezi wonse, ndiye October akamatha amayamba kukupezerani zifukwa. Vuto linanso, limene linandigwera ine, ndi kubwereka chipinda kwa munthu amene nayenso ndi wobwereka. Ndinkapereka lendi mwezi ndi mwezi kwa bambo wina amene dzina lake ndilo linali pa lease, pangano lolemba la lendi, osadziwa kuti iye sankapereka kwa mwini nyumba. Tsiku limene anasowa, dipoziti yanga inapita naye, ndipo ndinalibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti ndinkalipira.

Apa ndiye pamene m'tauni mumapambana, ngati mwachita bwino. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati mukapempha pangano lolemba, landilodi ayenera kukupatsani, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka ikhale ndi lisiti. Dipoziti isungidwe mu akaunti yobala chiwongoladzanja, muyendere nyumba limodzi polowa ndi potuluka, ndipo ngati palibe chowonongeka kapena ngongole, ibwezedwe pasanathe masiku 7. Mukasemphana, bwalo la Rental Housing Tribunal limamva madandaulo mwaulere. Lamulo lina la 1998, lodziwika kuti PIE, limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti. Malamulowa amagwiranso ntchito kwa wokhala m'wendy ku Capricorn, koma kumeneko zonse zimathera pakamwa, ndipo amene mapepala ake sali bwino amaopa kukadandaula kulikonse, amangomanga katundu. Choncho dzina lanu likhale pa lease, kapena mwini nyumba alembe kuti akukudziwani. Lipirani kudzera kubanki. Jambulani makoma ndi foni tsiku lolowa.

Kugona kwa abwana ndinakuyesako miyezi ingapo pamene ndinkasamala gadeni chakuphiri. Pa ndalama palibe chokuposa: lamulo la ogwira ntchito za m'nyumba salola kudula zoposa 10 peresenti ya malipiro chifukwa cha chipinda, ndipo chipindacho chiyenera kukhala chosadontha, cha windo ndi chitseko chokiyika. Thiransipoti palibe, chitetezo chilipo. Koma kuweruka kulibe, chifukwa muli pafupi, amakuitanani ngakhale Lamlungu. Alendo salowa, mkazi kapena mwana n'kovuta kukhala naye, ndipo ntchito ikatha muyenera kusakanso pogona. Ndi koyenera munthu wosakwatira amene akufuna kusunga ndalama chaka chimodzi kuti akamalize nyumba kumudzi.

Ndiye wa banja, wogwira masana, amene akufunika anansi omuthandiza ana, Capricorn imuyenera, bola apeze chipinda chanjerwa pamalo okwera osati chisakasa, ndipo akachione mvula itagwa. Wowerukira usiku, makamaka mayi kapena mtsikana, ndimamuuza mosazungulira kuti alimbe mtima alipire chipinda cha m'tauni, ngakhale zitanthauze kuchepetsa zotumiza kumudzi kwa kanthawi.

Mlongo wanga anasonkherana ndi mnzake wa ku Zimbabwe amene amagwira naye ntchito, anatenga chipinda chimodzi chachikulu cha mabedi awiri pafupi ndi njanji, mayina onse awiri ali papepala. Akaweruka amandiimbira ali pakhomo kale, makiyi ali m'manja. Loweruka akapuma amakwera takisi kupita ku Capricorn kukagula usipa ndi kukacheza ndi amayi a kumpingo.