Kampani yoombola katundu imene inayamba yagwira juzi isanalembe nambala

Ndimagulitsa zovala zamasewera ku Limbe, ndipo nyengo yozizira isanafike ndinaitanitsa makatoni 14 a majuzi kuchokera ku China, odzera padoko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pachipata cha Songwe. Anali majuzi ovalira kumutu, a manja aatali, okhala ndi zipi yaifupi yolekezera pachifuwa, amene osewera mpira amavala pokonzekera masewera m'mawa kukuzizira. Ntchito yowaombola ndinaipereka kwa kampani ina yaing'ono ya konkuno, ndipo ndaona kuti amalonda anzanga angapindule kumva mmene inagwirira.

Tsiku loyamba ndinapita ndi invoisi yokha, poganiza kuti ndi yokwanira monga zinkakhalira kwa maajenti ena. Mayi amene anandilandira anawerenga mawu oti "tracksuit tops" amene wogulitsa analemba, nandifunsa mwaulemu ngati ndinali ndi juzi imodzi yoti aione. Mwamwayi ndinali nayo imene inatsogola pa ndege ngati chitsanzo. Ataibweretsa mnyamata wanga wa m'sitolo, mayiwo anaitembenuza, nakoka nsaluyo ndi zala kufikira timalupu ta ulusi titaonekera, kenako anati: "Bambo, iyi ndi yoluka, si yoomba, choncho tili m'mutu 61 wa manambala a katundu, osati 62." Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ndafika kwa munthu wodziwa ntchito yake.

Anandifotokozera kuti manambala amene bungwe lotolera msonkho la MRA limagwiritsa ntchito posiyanitsa mitundu ya katundu amachokera mu ndondomeko ya padziko lonse yotchedwa Harmonized System, imene imasamalidwa ndi World Customs Organization ku Brussels ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1988. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana m'maiko onse otsata ndondomekoyi, ndipo dziko lililonse limawonjezera ake kumapeto. M'ndondomekoyi mulibe nambala imodzi yosonkhanitsa zovala zonse zamasewera, kotero kuti mawu a pa invoisi sathetsa nkhani. Chimene chimathetsa nkhani ndi kapangidwe ka chovalacho.

Pamenepa ndi pamene ntchito yawo inandigwira mtima kwambiri. Munthu wofulumira akanangothamangira ku 6112, kumene kuli matrakisuti, koma trakisuti mwa lamulo ndi zovala ziwiri zoyendera limodzi, cha kumtunda ndi thalauzi lake, pamene m'makatoni anga munalibe thalauzi ngakhale limodzi. Analingaliranso za 6109, nambala ya masikipa, nayikana chifukwa nsalu inali yochindikala, yofewa ngati ubweya mkati, ndipo m'chiuno ndi m'mikono munali mphira yoluka yogwira thupi. Za 6101 ndi 6102, kumene kumapita majekete otchinga mphepo, anati sizikugwirizana ndi chovala chopanda nsalu yachiwiri mkati, chimene munthu angathe kuvala pansi pa jekete. Inatsala 6110, nambala ya majuzi oluka ndi zina zofanana nawo.

Sanalekere pomwepo, chifukwa 6110 imagawikanso potengera ulusi: 6110.20 ndi ya thonje, pamene 6110.30 ndi ya ulusi wopangidwa m'fakitale monga poliyesita. Kachikwangwani ka m'khosi kanasonyeza magawo 65 a poliyesita ndi 35 a thonje, ndipo popeza lamulo limatsata ulusi umene walemera kuposa unzake, majuziwo anagwera mu 6110.30. Nditawauza kuti makatoni atatu anali a mtundu wina, wa theka thonje theka poliyesita, anandionetsa ndime yonena kuti ngati palibe ulusi wopambana, chovala chimatsata ulusi umene mutu wake uli kumapeto m'ndandanda, ndipo poliyesita amabwera pambuyo pa thonje. Ndakhala m'malonda awa zaka zambiri, koma ndimeyi ndinali ndisanaimvepo.

Anandipempha kuti ndilembere wogulitsa atumize invoisi yofotokoza bwino katunduyo, komanso kalata yotsimikiza kuchuluka kwa ulusi uliwonse, kuti zolowetsa mu ASYCUDA World, makina a pakompyuta amene MRA imalembetseramo katundu, zigwirizane ndi zimene ofisala adzapeze akatsegula katoni. Zimenezi zinandichedwetsa masiku anayi, ndipo panthawiyo ndinadandaula, koma katundu atafika pa Songwe ofisala anatsegula makatoni awiri, nayerekeza ndi mapepala, ndipo funso la nambala silinabuke n'komwe. Ngakhale pamene msonkho wa manambala awiri uli wofanana, kusemphana kwa mapepala ndi katundu kumaimitsa galimoto, ndipo wamalonda aliyense amadziwa mmene ndalama zimatayikira galimoto ikagona pachipata pamene kuzizira kumene unagulira majuzi kukupita.

Zofooka zilipo, ndipo sindizibisa. Mnzawo amene amawaimira ku Songwe anakhala masiku awiri osayankha foni, kotero kuti ndinkamva za katundu wanga kudzera kwa dalaivala, chinthu chosayenera kwa munthu amene walipira. Bilu yawo nayonso inabwera itaphatikiza malipiro awo ndi zolipira zina za pachipata m'mzere umodzi, ndipo ndinachita kubwerera ku ofesi kukapempha kuti aigawe, ngakhale kuti anaigawa mosanyinyirika ndipo malisiti onse anali m'malo mwake. Mtengo wawo ndi wokwererapo poyerekeza ndi maajenti amene amakuimitsa panjira n'kukulonjeza kuti zonse zitheka lero lomwe.

Kwa amene amaitanitsa zovala zatsopano za mitundu yosakanikirana, ndikuivomereza kampaniyi, bola apite ndi chitsanzo cha chovala chilichonse ndipo apemphe nambala ya foni yachiwiri ya ku chipata katundu asananyamuke. Oda yanga yotsatira ili ndi matrakisuti athunthu, juzi ndi thalauzi m'phukusi limodzi, ndipo mayi aja andiuza kale kuti ndibwere nazo zonse ziwiri adzazione tisanakambe za 6112.