Sitima ya ku Norway mu Malichi: pitani, koma chipinda cha khonde musachilipire

Ndapereka nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo ziwiri zachokazo ndi chifukwa cha mayi wa ku ofesi yogulitsa maulendo amene anatikakamiza chipinda cha khonde. Sitimayo payokha ndilibe nayo mlandu waukulu. Ulendo wake ndi uja wa mu Malichi wonyamukira pa Southampton kupita kumpoto kwa Norway, Tromsø ndi Alta, kokaona kuwala kwa kumwamba kuja amati northern lights. Ambiri amene muli kuno ku UK mwakhala mukundifunsa kuti zinali bwanji, ndiye ndalemba kamodzi aliyense awerenge yekha.

Ife tinapita ku ofesiko titaganiza kale kuti titenge chipinda cha mkati, chopanda zenera chija, poti ndi chotchipa ndipo kunja kukhala kozizira. Mayiyu anatiseka eti, akuti ulendo woyamba munthu sungagone mu bokosi, akuti mukakhala ndi khonde kuwala kuja mudzakuonera muli pa bedi ndi kapu ya tiyi m'manja, ndiye pali pulomoshoni ya guarantee balcony muwonjezere pang'ono chabe. Pang'ono pakepo mukudziwa nonse mmene mitengo ya makonde ilili, zinali ndalama zoti zikanatilipirira maulendo onse a kumtunda ndi kutsala. Bambo a kunyumba anafunsa kawiri kuti guarantee yo ikutanthauza chani, yankho linali loti ndinu otsimikizika kupeza khonde basi. Sanatiuze kuti tanthauzo lake lenileni ndi loti chipinda sumasankha ndiwe, kampani ya sitima imakupatsa chimene chatsala anthu ena onse atasankha, ndipo nambala yake umaidziwa ulendo utayandikira pomwe kusintha kwavuta. Chimene chinatsalira ife chinali kutsogolo kwenikweni kwa sitima, deki ya pamwamba, zipinda zochepa chabe kuchokera kumphuno.

Usiku woyamba mu English Channel kunali bwinobwino. Tsiku lotsatira titalowa North Sea ndi pomwe zinayamba. Ine ndinakwerapo Ilala nthawi ya mwera ndipo ndinkadziona ngati madzi ndimawadziwa, koma izi zinali zina, sitima yonse yaikulu ija imakwera mmwamba kenako nkugwa pansi ndi chiphokoso, bedi kumakusiya m'malere, madirowa kutseguka okha, mahang'ala mu wodilopu kumangogundana usiku onse. Bambo anayamba kusanza chakumadzulo mpaka mbandakucha, munthu wamkulu wa shuga amene amayenera kudya pa nthawi yake, kalikonse kolowa mkamwa kumabwerera. Ine mseru ndi chizungulire, ndikukwawa kupita ku bafa kukatenga matawulo. Khonde lija tinalipira ndalama zambiri kapitawo analengeza kuti wina asatsegule zitseko za makonde chifukwa cha mphepo, ndiye linali lotseka, galasi lonse mchere okhaokha osaona kanthu. Ndinakhala pansi pa kapeti ndikulira ndi mkwiyo, ndikuganiza nkhope ya mayi uja akutiseka za bokosi.

Cha m'ma 5 mmawa ndinatuluka kukafuna thandizo nkukumana ndi mnyamata wokonza zipinda zathu, wa ku Philippines, ali kale pa ntchito. Atangondiona anati Mama khalani pansi, anathamanga nkubwera ndi maapozi obiriwira, mabisiketi ouma ndi tiyi wa jinja, nkulowa kukaona bambo. Ndiye anandifotokozera chinthu chimene wogulitsa uja amayenera kutiuza tisanalipire. Sitima ili ndi zipsepse pansi pa madzi zochepetsa kupendekera kumanzere ndi kumanja, koma kukwera ndi kutsika kwa kutsogolo ndi kumbuyo zipsepsezo sizithandiza, ndiye kumphuno ndi kumchira ndi kumene kumavina kwambiri, ndipo ukakwera deki ya pamwamba zimawonjezekanso. Pakati pa sitima, deki ya mmunsi, ndi pomwe pamakhala bata. Anatiperekeza yekha ku resepishoni, anayankhula ndi akuluakulu ake, nesi wa mu sitima anabwera kudzayeza bambo shuga, ndipo pofika masana anatipatsa chipinda cha mkati pakati pa sitima pa deki 5 chimene chinali chopanda munthu. Chomwe chija tinkafuna poyamba. Ndalama ya khonde sanabweze, anati zimenezo mukakambirane ndi amene anakugulitsani, koma usiku umenewo bambo anagona tulo mpaka kuliza mkonono, mafunde omwewo, nyanja yomweyo. Mnyamatayu anatinyamulira masutukesi onse ngakhale chipinda chatsopanocho sichinali mbali yake, ndipo ankabwerabe kudzafunsa kuti Papa ali bwanji. Apa mtima wanga unayamba kutsika, ndipo ndinene zoona, ogwira ntchito mu sitima muja ndi anthu abwino kwambiri.

Ndiye za zipinda mvetsani. Funsani nambala ya chipinda musanapereke khadi, tsegulani mapu a sitimayo pa intaneti muone pomwe chili. Chikhale pakati, mmunsi, ndipo pamwamba pake ndi pansi pake pakhale zipinda zogona zokhazokha. Banja lina limene tinkadya nalo tebulo limodzi linali pansi pa malo odyera a buffet, akuti mipando ndi matirole zimayamba kukokedwa kusanache. Ena anagula khonde lotchipa nkupeza boti lopulumutsira anthu lili pamaso pawo, amalemba kuti obstructed view mu timalemba ting'onoting'ono. Kutsogolo kulinso phokoso la nangula ndi mainjini okankhira sitima pa doko mmamawa. Ngati mdima wa chipinda cha mkati ukukuopsani tengani cha zenera losatsegula, chimakhala mmunsi ndithu ndipo mtengo wake ndi wapakati. Khonde ndi la maulendo a ku Mediterranean kapena ma fjord, timanyanja topyapyala tolowa pakati pa mapiri a ku Norway, mu Juni, mu Malichi kumpoto kuja simukhalapo mphindi zisanu.

Ndipo bodza lalikulu linali la kuonera kuwala uli pa bedi. Khonde limayang'ana mbali imodzi yokha ndipo pamwamba pako pali denga la khonde la mnzako, pamene kuwala kuja kumatulukira kulikonse, nthawi zina pamutu penipeni. Aliyense, wa khonde ndi wa mkati yemwe, amathamangira pa deki ya pamwamba yopanda denga. Amalengeza usiku kukaoneka, ife tinauzidwa kusiya TV pa tchanelo china kuti uthenga uzimveka mchipinda, ndiye muzigona zovala zili pa mpando motsatana, nsapato pakhomo, chifukwa kumatha kubwera nkuzimirira musanamange zingwe. Ife tinakuona bwino tili ku Alta. Poyamba kunali ngati kamtambo kotuwa, ine nkumati ndi zimenezi tavutikirazi, kenako kunayamba kubiriwira nkumayenda thambo lonse, mmphepete mwake mofiirira, anthu mazana pa deki onse zii kenako kukuwa. Bambo anandigwira dzanja osayankhula. Pamenepo ndinakhululukira North Sea. Dziwani kuti foni imaona mtundu wobiriwira kuposa maso, ikani night mode ndipo muitsamiritse pa chitsulo isagwedezeke. Batire imatha msangamsanga mu chisanu, foni muziisunga mthumba la mkati pafupi ndi thupi ndipo power bank ikhale nanu. Palibe amene angakulonjezeni kuti mukuona, kukachita mitambo basi mwagwa nayo, ndiye wogulitsa akamalonjeza mudziwe kuti akufuna komishoni.

Zovala. Chijasi chimodzi chachikulu chija timavala ku Manchester sichikwanira ndipo mkati mwa sitima ndi motentha, umatuluka thukuta kenako nkupita panja thukutalo nkuzizira. Valani mosanjikiza, mkati thermal ya ubweya kapena ija ya masewera, pamwamba pake juzi ya fleece, kunja jekete yosalowa madzi ndi mphepo. Za kotoni pakhungu ayi, zikanyowa siziuma, jinzi ndiye yoipitsitsa ukaima panja usiku. Magolovesi awiri, opyapyala ogwirira foni ndi aakulu pamwamba. Chipewa chophimba makutu, sikafu, masokosi a ubweya, nsapato zokulirapo pang'ono kuti zala zizisuntha chifukwa yothina imazizira kwambiri. Mafuta odzola ambiri ndi a milomo, khungu lathuli limatuwa ndi kung'aluka ndi mphepo youma ija, ine Vaseline anandithera pakati pa ulendo. Chimene chinandipulumutsa kwambiri ndi timinga tovala pansi pa nsapato, ku Norway amati brodder. Misewu ya ku Tromsø inali ayezi yekhayekha, tinaona mayi wina wachikulire akugwa pafupi ndi doko nkuthyoka dzanja, ulendo wake unathera pompo. Gulani musananyamuke, ndi totchipa kuno, kumeneko chilichonse ndi chodula. Muzivula polowa mu shopu ndi mu sitima.

Tromsø ndinaikonda. Ili pa chilumba, makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa Arctic Circle, mzere wa pa mapu pomwe pamayambira dera la kumpoto kwenikweni kwa dziko, koma nyanja yake siundana kukhala ayezi chifukwa cha madzi ofunda a Gulf Stream, nchifukwa chake sitima zimafika chaka chonse. Tinawoloka mlatho kukaona tchalitchi choyera cha makona atatu chija amati Arctic Cathedral, chomangidwa mu 1965, kenako tinakwera Fjellheisen, kagalimoto koyenda pa chingwe kokafika pa phiri mamita 421, tawuni yonse ndi sitima yathu zili pansi. Zonsezi tinapanga tokha pa basi ya mtawuni, mtengo wake osafika ndi theka la umene sitima imatchaja. Kulipira ndi khadi paliponse, ma krone a pamanja sitinawagwiritse ntchito. Ku Alta kunazizira kuposa, kumeneko ulendo wa agalu okoka ngolo pa chipale tinagula wa sitima dala, chifukwa ndi kutali ndi doko ndipo ukachedwa pa ulendo wogula kwa iwo sitima imakudikira, ukachedwa pawekha imakusiya. Malichi ndi mwezi wabwino poti masana kumawala mokwanira kuyenda ndipo usiku mdima ulipo, pamene kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale dzuwa silituluka nkomwe ku Tromsø. Doko la Ålesund sitinaime chifukwa cha mphepo, zinandiwawa koma kapitawo anafotokoza bwino ndipo moyo ndi wofunika.

Amene muli ndi pasipoti ya Malawi ngati ine, chonde, Norway si ya EU koma ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndiye viza ya Schengen ikufunika ngakhale muli ndi mapepala okhalira ku UK ndipo ngakhale mukuti simutsika mu sitima. Popanda viza akukubwezani pa Southampton pomwepo. Mayi uja izinso sanatchule, ndinazidziwa kwa mnzanga wa kutchalitchi, mwamwayi nthawi inalipo. Yambani msanga poti madeti a viza amavuta, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro. Inshuwalansiyo ikhale yolembedwa kuti ndi ya cruise ndipo matenda anu onse muwatchule, kuonana ndi dokotala mu sitima ndi kolipira, chithandizo chaulere cha NHS ya ku UK kulibe kumeneko.

Chakudya chinali chambiri ndi chabwino, supu yotentha nthawi iliyonse, mpunga ndi nsomba tsiku ndi tsiku, tsabola yekha ndinanyamula wanga. Phukusi la zakumwa sitinagule ndipo sitinadandaule, tiyi, khofi ndi madzi ku buffet ndi zaulere, tengani kapu yotsekera ija muzipita nayo pa deki. Wifi ndi yodula komanso yochedwa. Foni ikani pa airplane mode mukakhala pakati pa nyanja chifukwa imalumikiza netiweki ya sitima ya setilaiti ndipo bilu yake ndi yoopsa, muziyatsa mukafika pa doko.

Mapilitsi a mseru gulani ku famasi musanakwere, ife pobwerera tinamwa Stugeron ndipo anatithandiza, koma amene muli pa mankhwala ena ngati bambo funsani kaye wa ku famasiyo. Amagwira ukamwa maola awiri mafunde asanayambe, ukayamba kale kusanza ndiye wachedwa. Kapitawo amanena za nyengo masana aliwonse, akangoti usiku kukhala mafunde imwani nthawi yomweyo, idyani zopepuka, ndipo mukamva mutu kuzungulira pitani pakati pa sitima muziyang'ana kumene nyanja yakumana ndi thambo, osagona ndi foni m'manja. Pobwerera North Sea inavutanso chimodzimodzi koma ife pa deki 5 tinadya chakudya chamadzulo bwinobwino. Tengani ndi timahuku ta maginito, makoma a zipinda ndi achitsulo ndiye mumapachikapo majekete onyowa ndi magolovesi, mchipinda cha mkati malo ndi ochepa ndipo zimauma usiku umodzi.